Chaka Chimene a Sadok Anakana Kupenta Hajja

Alamu anga a Sadok Dhaouadi anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi pa doko la asilikali a pamadzi kuno ku Marsa Zitoun. Sanali msilikali ayi, anali munthu wamba wolembedwa ntchito yopenta sitima zankhondo, wamfupi, wa manja ngati mafosholo, wosalankhulalankhula. Ine ndine Lotfi, wowotcherera zitsulo pa doko lomwelo, ndipo mlongo wanga Najet ndiye anakwatiwa ndi munthu ameneyu, ngakhale ndinamuchenjeza kuti mwamuna wonunkha penti mpaka m'ndevu sadzamutengera kokayenda. Sanandimvere. Ali limodzi mpaka lero, ndipo kokayenda sanapiteko ndithu.

Bambo awo a Sadok anali msodzi, a Sadok nawonso anayamba ndi maukonde. Atatopa ndi kudikira nsomba zosabwera, analowa pa doko ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, napatsidwa nyundo yogogodera dzimbiri. Zaka zisanu ndi ziwiri anangokhalira kugogoda ndi kupala, burashi osaloledwa kuikhudza. Tsiku limene anayamba kupenta, aliyense anaona kuti dzanja lilipo. Penti wawo sankayenderera, sankatuluka matuza, ndipo mzere wa pamadzi, pamene wotuwa amakumana ndi wakuda, ankaudula ndi maso okha popanda chingwe. Kenako anakhala kapitawo wa openta onse, makiyi a nyumba ya penti ali m'thumba mwawo. M'mawa uliwonse ankadya lablabi wawo, msuzi wa tchana wonyemeramo buledi, ku kalesitilanti ka Hamadi, tsabola wa harisa wambiri, dzira limodzi, basi ulendo wa ku doko. Ndikati, "Alamu, mwadzuka bwanji?" yankho linali lakuti, "Chinyezi chachuluka lero, sauma msanga." Koma munthu ameneyu!

Sitima imene ankaikonda kuposa zonse tinkaitcha Hajja, dzina laulemu la mayi amene anayenda ulendo wopatulika wa Chisilamu, chifukwa inali nkhalamba ndipo inali itayenda kutali. Boma linaigula kutsidya kwa nyanja ili kale ndi zaka makumi awiri, kuno inathanso zina pafupifupi makumi atatu. Inkanyamula anthu makumi anayi. Ntchito yake inali kulondera gombe, kuthamangitsa ozembetsa katundu, ndi kuvuula anthu amene maboti awo amamira mu Januwale, mphepo ya kumpoto ikakwiya. Asilikali a m'sitimayo ankainyadira koopsa, ukainyoza ku kantini unkatuluka ndi diso lotupa.

Tsono mverani mmene sitima zatsopano zimabwerera. Boma silingagule zonse nthawi imodzi. Zaka zitatu zilizonse komiti imachokera ku likulu, n'kuyendera sitima imodziimodzi, n'kulemba mndandanda: iyi yatheratu, iyi ipirireko, iyi ikadali ndi moyo. Ziwiri za pamwamba ndizo zimaitanitsidwira zolowa m'malo, ndipo kuchokera tsiku losaina mpaka yatsopano kuonekera pa doko pamadutsa zaka zisanu, mwina zisanu ndi chimodzi. Ukaphonya ulendo uno, ndiye kuti zaka zitatu zodikira komiti ina, kuwonjezera zisanu zomangira. Hajja inali itayenderedwa kasanu ndi kanayi, ndipo maulendo onsewo inkakhala pansi penipeni pa mndandanda, limodzi ndi sitima zobadwa dzulodzuloli.

Olakwa tinali ife. Tinali ndi mwambo umene tinkautcha kuveka mkwatibwi. Kukatsala masabata atatu kuti komiti ifike, doko lonse linkakhamukira pa Hajja. A Sadok ankamata maenje a dzimbiri ndi phala lomatira, n'kusalaza, n'kupaka penti katatu, mpaka nkhalamba ija inkawala ngati mbale yongotsukidwa kumene. Inenso ndinali ndi gawo langa. M'buku la sitima munali malo makumi atatu olembedwa manambala, amene komiti inkayezapo kukhuthala kwa chitsulo ndi kachipangizo kake, malo omwewo ulendo uliwonse. Nanga munthu wodziwa pamene mlendo adzakhale sasesa pamenepo? Ndinkawotcherera zigamba zatsopano pa malo onse makumi atatuwo, a Sadok n'kudzapentapo, osaoneka n'komwe. Sitinkachiona ngati chinyengo, Mulungu ndi mboni. Kwa ife kunali kulemekeza alendo.

Panali sitima ina imene tinkaitcha Sadini, yochepa kwa Hajja ndi zaka khumi ndi ziwiri, ya asilikali aulesi osadziwa kumene burashi imagwiridwa. Komiti itaipeza ili psuu ndi dzimbiri, inaiika pamwamba pa mndandanda. Tinawaseka mpaka nthiti kuwawa. Patapita zaka zisanu, alesi aja anali m'sitima yatsopano ya zipinda zozizira bwino, akutibayibitsa podutsa, ife tikadali kunyadira nkhalamba yathu. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaima n'kuganiza. Uchitsiru umenewu umandipsetsa mtima mpaka lero.

A Sadok ndi Najet ali ndi mwana mmodzi yekha, Olfa. Anatengera bambo ake kuuma mutu, nzeru anatengera kwathu, zimenezo ndimawauza pamaso. Anaphunzira za injini ku sukulu ya asilikali a pamadzi, nabwerako ndi nyota paphewa, ndipo anamuika pa Hajja kuti aziyang'anira chipinda cha injini. Anali mkazi yekhayo m'sitimamo. Zaka zitatu analimbana ndi injini zakale zija ndiponso ndi amuna amene ankadikira kuti alephere, mpaka onse anayamba kumutcha mlongo wawo. Hajja inalowa mu mtima mwake kuposa mmene inalowera mwa bambo ake.

Chaka chimene ndikunenachi, komiti inkabwera mu Epulo. M'mawa wina wa mu Marichi ndili pa benchi yanga, wopenta wina anabwera akuthamanga kuti a kapitawo akundifuna pansi pa chipinda cha injini. Ndinatsika ndikung'ung'udza. Ndinawapeza atagwada m'kangalande ka pansi penipeni, chala chachikulu atakanikiza pa chitsulo, madzi akutuluka m'mbali mwa chalacho.

"Alamu, mukuswali pansi pano?" ndinatero.

"Ika chala chako apa," anatero.

Atachotsa chawo, madzi a m'nyanja anathovoka mpaka kumaso kwanga. Anati ankangogogoda dzimbiri monga mwa masiku onse, nyundo n'kulowa. Ndinalowetsa chala changa ndipo m'mphepete mwa bowolo munkanyenyeka ngati bisiketi yonyowa. Ndinayang'ana kumbali, n'kuona chigamba changa cha pa nambala 27, chonyezimira, chokhuthala mamilimita asanu ndi atatu, mtunda wa mkono umodzi basi kuchokera pa bowolo. Tinakhomapo chikhomo cha mtengo, tinathirapo simenti. Pamene ine ndinkatsuka m'manja, iwo anali akukwawa m'kangalande konse, akugogoda pang'onopang'ono, khutu pafupi ndi chitsulo. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee. Ichi chinkangoti phu, phu, phu, kuchokera kutsogolo kwa injini mpaka kumbuyo.

Tinapita kwa Kaputeni Taoufik, mkulu wa pa Hajja. Sindimunamizira, anali munthu wabwino, wodziwa maina a ana a asilikali ake onse.

"Bwana, pansi patha," anatero a Sadok.

"Ndamva. Bowo limodzi, madala. Matani, pentani. Komiti ikachoka ndilemba kalata kuti atikweze pa doko louma, pansi pakonzedwe."

"Makalata mwalemba angati?"

"Atatu."

"Anayankha chiyani?"

Kaputeni anayang'ana pa windo. "Anati komiti inaiona sitimayi ili bwino."

"Inaona penti wanga, bwana. Chikomekome cha mkuyu. Chaka chino sindipenta."

Kaputeni anaseka, kuyesa nthabwala. Ataona nkhope ija anasiya. "Mukufuna ndilandire akuluakulu ndi sitima yamaliseche? Akaimangirira, anthu anga makumi anayi abalalika, ndipo gombe lino likhala zaka zisanu ndi sitima imodzi yochepa. Adzavuula anthu ndani mu Januwale?"

"Nanga inuyo adzakuvuulani ndani?"

Tinatuluka opanda tiyi. Panja ndinawalusira, sindibisa. Ndinkaopa za ine ndemwe, chifukwa komiti ikafunsa za zigamba, dzina linali langa. "Alamu, mutu ukugwira? Kwatsala miyezi isanu ndi itatu kuti mupume ndi ulemu wanu, akuphereni nkhosa, akujambuleni ndi akuluakulu. Pentani kamodzi kotsiriza, za m'tsogolo adziwa ena!"

"Ena ake ati?" anatero. "Ikaphonya ulendo uno, zaka zisanu ndi zitatu. Pansi paja sipafika ziwiri. Olfa amagona pamwamba pake."

Ndinangowatukwana kuti ndi bulu, iwo n'kuvomera.

Lachisanu, titachokera ku mzikiti, tinakumana kwawo pa kuskusi, chakudya chathu cha timibulu ta tirigu, ndi nsomba monga mwa chizolowezi. Olfa anafika ndi yunifolomu, osavula n'komwe chipewa. Nkhani inali itamveka kale doko lonse kuti kapitawo wakana kutsegula nyumba ya penti.

"Ababa, n'zoona zimene ndikumvazi?"

"Khala pansi, udye."

"Sindinabwerere chakudya. Mukudziwa zimene akunena? Akuti bambo wa mkazi uja akufuna kuchotsa mwana wake panyanja. Akuti ndinakulirirani kuti ndikuopa mafunde. Zaka zitatu ndakhala ndikumanga dzina, inu mwaligwetsa ndi sabata imodzi!"

"Bowo unaliona?"

"Ndinaliona. Ndine injiniya, ababa, si inu. Ndili ndi mapampu atatu, onse ndinawakonza ndekha. Bowo limodzi silimiza sitima."

"Si limodzi."

"Mwaona ena?"

"Ndawamva."

"Mwawamva!" Olfa anaomba m'manja, natembenukira kwa ine. "Amalume, auzeni. Komiti ili ndi zipangizo, iwo ali ndi khutu ndi nyundo ya m'nthawi ya atsamunda."

Ine ndinangopitiriza kuchotsa minga ya nsomba yanga. Najet ndiye anati, "Bambo a Olfa, mwana akuvutika. Palibe njira ina, yosachititsa manyazi?"

"Ikanakhalapo ndikanaitenga," anatero a Sadok. "Kasanu ndi kanayi ndanamiza anthu aja ndi dzanja langali. Kakhumi ayi."

Olfa anatuluka, chitseko chinamveka mpaka kwa aneba. A Sadok anamaliza mbale yawo yonse, mwakachetechete, ngati munthu amene akumwa mankhwala.

Lolemba anawalanda makiyi. Mkulu wa doko anawaletsa kuponda pa Hajja, nawatumiza kukapenta zitsulo zoyandama zosonyeza njira pakamwa pa doko, ntchito ya ongoyamba kumene. Anawapatsa kaboti kopentera, nkhafi ziwiri ndi chitini chimodzi. Asilikali a pa Hajja anapenta okha sitima yawo, ndipo anaipenta ndi ukali, usiku osawerengera, Olfa ali patsogolo ndi burashi. Ine anandituma kuwotcherera zigamba zanga makumi atatu. Ndinawotcherera, inde, nanga ndikanatani? Koma chala changa chinali chitalowa m'bowo lija, ndipo chigamba chilichonse chinkandinyansa.

A Sadok analembera kalata mkulu wa doko, yankho osabwera. Anapempha kuti adzaonane ndi komiti, anawauza kuti komiti sionana ndi openta. Kwa Hamadi, asilikali a pa Hajja akalowa n'kuwapeza, ankakhala tebulo lakutali n'kumalankhula mokweza za nkhalamba zansanje zimene zimafuna chilichonse chipume nazo limodzi. Iwo ankanyema buledi wawo m'mbale osatukula mutu.

Tsiku la komiti, nthawi ili cha m'ma naini m'mawa, anatulukira pa benchi yanga atavala ovolosi yoyera bwino, nyundo ili m'lamba.

"Umatha kupalasa?"

"Funso lanji limenelo, ndine mwana wa pagombe ine."

"Tiye."

"Alamu, mukufuna kuchita chiyani?"

"Anandiletsa kuponda pa sitima. Sanandiletse madzi."

Ndinadziwa kuti ndikulowa m'mavuto, koma ndinapita. Ndinapalasa kaboti kaja kuzungulira kumbuyo kwa Hajja, mbali yoonekera bwino kwa anthu oima pa doko. Kunena zoona, inali yokongola tsiku limenelo. Asilikali onse anali atandanda pamwamba ndi zovala zoyera, mbendera zikuuluzika, wezulo ikulira, akuluakulu asanu a komiti akuyandikira makwerero. A Sadok anayendetsa chikhatho pa chitsulo, pang'ono pamwamba pa mzere wa madzi, ngati munthu wofufuza pamene mwana akumva kuwawa. Anati, "Gwira apa, usasunthe." Kenako anatukula nyundo.

Go! Sitima yachitsulo ili ngati ng'oma, ukaimenya pamodzi imalira yonse. Wezulo inadukira pakati. Go! Chibanthu cha penti chokhuthala ngati chala chinagwera m'kaboti. Ndinamva Kaputeni akukuwa pamwamba, "Mgwireni munthu ameneyo!" koma womugwira anali ndani, ife tili pamadzi? Go! Ulendo wachinayi sinalire. Nyundo inalowa yonse mpaka mpini, ndipo ataizula panatsala bowo lolowa nkhonya, dzimbiri likuyoyoka ngati khofi wogaya.

Ndinayang'ana m'mwamba. Mitu makumi anayi inali itasuzumira, kupatula umodzi. Olfa anali ataima njo, maso kutsogolo, nsagwada zitalumana.

Mtsogoleri wa komiti anali mayi wa imvi, wa magalasi, injiniya wamkulu, dzina lake Mayi Rafika. Sanakuwe. Anayenda mpaka pa masitepe a doko, natikodola ndi chala. Ndinapalasa ndikupemphera chamumtima. Ndinkayesa atiitanira apolisi a asilikali, koma anakwera m'kaboti kathu kodzaza penti ndi yunifolomu yake yoyera mbee, nati tibwerere pa bowo paja. Analowetsa dzanja, natulutsa dzimbiri lodzaza chikhatho.

"Bambo, mukudziwa kuti kuboola sitima yankhondo ndi mlandu waukulu?"

"Ndikudziwa, mayi. N'chifukwa chake ndaboola pamwamba pa madzi. Pansi n'poipa kuposa apa."

"Ndinu ndani?"

"Ndine amene ndakhala ndikuipenta. Maulendo onse amene munabwera, munaona ntchito yanga."

"Ulendo wathawu ndinayeza ndekha. Malo onse makumi atatu anali bwino."

A Sadok sanandiyang'ane, sanafune kundipereka. Pakamwa panga panatseguka pokha. "Anali bwino chifukwa ndinaikapo zigamba, mayi. Ndine. Ndaikaponso sabata yathayi. Yezani mkono umodzi kumbali kwa nambala iliyonse."

Anatiyang'ana nthawi yaitali, wina kenako wina. "Munkachitiranji zimenezi?"

"Kuti musatipeze tili auve," ndinatero, ndipo nditazimva m'makutu mwanga ndinafuna kudziponya m'madzi.

Mayi uja anavula magalasi, napukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuiika sitimayi pansi pa mndandanda, n'kumauza akuluakulu kuti tionereko kwa anthu a pa Hajja." Anatambasula dzanja. "Ndibwerekeni nyundoyo. Ndionetseni kwina."

Tsiku limenelo komiti sinadye nkhomaliro imene anaikonzera. Inathera m'kangalande ka pansi pa injini, a Sadok patsogolo, akuluakulu asanu akukwawa pambuyo pawo.

Sabata yomweyo Hajja inamangiriridwa, osadzatulukanso. Inakhala yoyamba pa mndandanda, ndipo pasanathe miyezi iwiri tinamva kuti yolowa m'malo mwake yavomerezedwa. Panabweranso lamulo lakuti malo oyeza komiti izisankha yokha, tsiku lomwelo, popanda buku. Musaganize kuti a Sadok anawaveka nkhata ya maluwa. Mlandu woboola sitima anawakhululukira, koma anawapumitsa ntchito nthawi isanakwane, popanda nkhosa, popanda chithunzi. Ine anandipatsa kalata ya chenjezo, ndimaisunga. Asilikali makumi anayi aja anawamwaza m'masitima ena ndi m'maofesi, Kaputeni Taoufik anamupatsa desiki ku likulu, ndipo ambiri a iwo mpaka lero akakumana ndi a Sadok mumsewu amawoloka.

Olfa anasiya kubwera kunyumba. Lachisanu loyamba Najet anamuikira mbale, sabata yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu anasiya. Foni ya mayi ake ankayankha, ya bambo ake ayi. Ndinafunsa a Sadok ngati akunong'oneza bondo.

"Ali moyo?" anatero.

"Ali moyo."

"Ndiye andide."

Ankanena molimba choncho, koma ankaonda. Munthu amene moyo wake wonse unali pa doko anayamba kukhala pakhonde, akuyang'ana msewu umene mwana wake ankadzera.

Patapita masabata asanu ndi anayi anaikokera Hajja pa doko louma kuti aiphwasule. Madzi atawapopa, inakhala pa mitengo, mimba yonse pamtunda. Anayamba ndi kuipopera mchenga wamphamvu wochotsa penti, kuti ife odula tisapume utsi wake. Tsiku lachitatu masana ndinalowa m'chipinda cha injini kukalemba modula. Magetsi anali atawachotsa, ndinkayembekezera mdima. Koma munali mowala. Kuwala kunkachokera pansi, m'timabowo tosawerengeka, tina ngati nsonga ya singano, tina tolowa chala, kuyambira pansi pa injini mpaka pansi pa kachipinda kogona injiniya. Chitsulo chinali ngati sefa ya ufa. Chimene chinkatsekereza nyanja pamenepo chinali phala ndi penti wa alamu anga, basi.

Olfa anali pa doko tsiku limenelo, akulongosola zida za injini zoti zikagwire ntchito kwina. Chiyambireni nkhani ija sanandilankhule. Ndinamupeza ndi pepala m'manja.

"Tsika ukaone chipinda chako."

"Ndatanganidwa, amalume."

"Iwe, ndinakunyamula uli ndi matewera, nyota zakozo ukaopseze nazo ena. Tsika!"

Anatsika. Ndinamusiya yekha, ndinakhala pa makwerero. Anakhalamo nthawi yaitali moti ndinayamba kuda nkhawa. Atatuluka, nkhope inali itatuwa. Anangoti, "Mundidulire chidutswa cha pansi pa bedi langa. Mbali imene sanaipopere mchenga ikhaleponso." Ndinamudulira chachikulu ngati thireyi ya tiyi.

Lachisanu lotsatira tili pa tebulo atatu, chitseko chinatseguka. Olfa analowa atavala zakunyumba, chitsulo chija atachikulunga m'nyuzipepala. Najet anaimirira, manja pakamwa. Olfa sanapepese, banja limeneli silidziwa kupepesa. Anapsompsona mayi ake, nakhala pansi, nati, "Andiika m'gulu lolemba zofunika pa sitima yatsopano. Ndidzapita kukaiona ikumangidwa, chitsulo chilichonse. Ndawauza kuti ndikufuna nyundo." Kenako anamasula nyuzipepala, naika chitsulo chija patsogolo pa bambo ake. "Ichi chinali pansi pa bedi langa."

Ine ndinakonzeka kuti ndione alamu akunyada, ndinali nditakonzeratu mawu owaseka nawo. Anachinyamula ndi manja awiri, nachilozetsa ku windo. Dzuwa linadutsa m'timabowo tija n'kuwagwera kumaso madonthomadontho. Anachitembenuza, nayang'ana m'mphepete mmene penti anatsalira, mizere yosanjikizana, nayendetsa chikhadabo pa umodziumodzi. Pa mzere wina anaima.

"Uwu ndinapaka chaka chimene unakwera," anatero. "Ndinaona kuti pafewa. Ndinathira phala lambiri kuti pasaoneke, ndinkafuna upeze sitima yokongola."

"Ababa, munandichotsamo."

"Zaka zitatu," anatero, ngati sanamve. "Ma Januwale atatu."

Anaika chitsulo chija pansi bwinobwino, naimirira, natulukira kuseri kwa nyumba. Munthu amene anaima pamaso pa Kaputeni ndi komiti osaphethira, amene sindinamuone akulira ngakhale pa maliro a mayi ake, tinamumva akulira mokweza ngati mwana. Najet anafuna kudzuka, Olfa anamugwira paphewa. Anapita yekha, natseka chitseko pambuyo pake.